Nyumba ya Mmphawi wa M'tauni Aijambule Ndani?

Masiku ano kuli mipikisano yambiri m'maiko akunja imene imaitana anyamata ndi atsikana ophunzira luso lojambula mapulani a nyumba kuti aonetse nzeru zawo pa funso limodzi lovuta, lakuti kodi munthu wosauka wa m'tauni angagone m'nyumba yotani, yolimba ndi yaukhondo, koma yosamulanda chakudya cha ana ake. Okonza mpikisano amasankha malo, amafotokoza vuto lake, amaika tsiku lotsekera, ndipo aliyense wofuna amatumiza zojambula zake. Wopambana amalandira ndalama, dzina lake limamveka, ndipo nthawi zina chimene wajambulacho chimamangidwadi. Maganizo anga ndi akuti ana athu a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ayenera kulowa nawo mipikisano imeneyi, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kuwakonzekeretsa adakali m'manja mwathu. Komatu alowe ali tcheru, pakuti mpikisano wotere ungathe kusula mmisiri wothandiza anthu, ndiponso ungathe kusula munthu wongodziwa kukometsa pepala.

Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti, "Nanga za m'tauni zikutikhudza bwanji ife a kumapiri, alimi a fodya, nyemba ndi kachewere?" Munthu wofunsa choncho akaime m'mamawa pa Mponela kapena pa Dowa Turn-off, aone kumene maminibasi odzaza akulowera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Oposa theka la anthu a mumzindawu amakhala m'malo amene sanayezedwe kapena kukonzedwa, monga Mgona, Mtandire, Kauma, Mtsiriza ndi Chinsapo. Okhala m'malo amenewa sanagwe kumwamba ayi. Ndi atsibweni athu, alongo athu, ndi ophunzira athu a chaka chatha amene mayeso a MSCE sanawakomere, amene tsopano akupalasa kabaza kapena kulondera pageti la wina. Mwana wa ku Malomo kapena ku Mvera akamajambula nyumba ya mmphawi wa ku Mgona, akujambula nyumba imene mwina iye mwini adzachitamo lendi.

Ndipo tauni yafika kale pakhomo pathu. Mponela ndi Madisi akukula tsiku ndi tsiku, nyumba zikuphukira kuseri kwa magolosale popanda msewu kapena ngalande. Kuposa pamenepo tili ndi Dzaleka. Malo amenewa anali ndende m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo kwawo. Anakonzedwa kuti asunge anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, koma pofika 2023 okhalamo anali ataposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda; ndipo chaka chomwecho boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala m'matauni abwerere kumsasako. Tingautchule msasa monga mwa chizolowezi, koma malo okhala anthu 50,000 pamodzi, okhala ndi misika, matchalitchi, masukulu ndi tinjira topapatiza pakati pa nyumba za zidina, ndi mzinda ndithu, ndipo ndi mzinda wa anthu osauka. Mwana wa ku Dowa wofuna kuphunzira za kuthithikana kwa anthu sasowa kukwera ndege.

Tisanapitirire, ndi bwino kukumbuka m'mene tinafikira pamenepa. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri njira yothandizira anthu opeza zochepa inali yowayezera mapuloti, kulambula misewu ndi kufikitsa madzi pafupi, kenaka mwini puloti n'kudzimangira yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Njira imeneyi inali yanzeru. Koma likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu anakhamukira kumeneko mofulumira kuposa m'mene oyeza malo akanathera kuyeza. Akatswiri anajambula Capital Hill ndi nyumba za mabwana mosamala kwambiri, mpaka mitengo ya m'mbali mwa msewu inali ndi malo ake papepala. Koma mmisiri amene anamanga nyumbazo, ndi mayi amene amazisesa, anakapempha malo kwa mfumu m'mphepete mwa mzinda n'kuumba zidina. Chiyambire nthawi imeneyo, katswiri wa mapulani m'dziko muno wakhala wantchito wa boma, wa mabanki, wa mipingo ndi wa anthu achuma. Sindikumudzudzula, pakuti naye ali ndi ana ofuna fizi. Ndikungonena kuti nyumba zambiri za m'mizinda yathu zimamangidwa iye kulibe.

Tsono pamene akatswiri athu atanganidwa kwina, ena ochokera kutali akuganizira za ife. Kumapeto kwa zaka za m'ma 2010, bungwe lokonza mipikisano lotchedwa Archstorming linaitana akatswiri ndi ophunzira a dziko lonse lapansi kuti ajambule sukulu ya sekondale ya ku Benga, m'boma la Nkhotakota. Benga ali kuseri kwa mapiri a Ntchisi omwewa, ukamatsikira kunyanja. Anyamata a m'maiko akutali anakhala pansi usiku kuwerenga za mvula yathu, dothi lathu ndi dzuwa lathu, n'kumajambula makalasi ophunziriramo ana athu. Imeneyi inali sukulu ya kumudzi, osati nyumba za m'tauni, komabe phunziro lake ndi limodzi. Kodi mwa ophunzira athu a Folomu 4 a nthawi imeneyo, ndi angati anamva n'komwe kuti kuli mpikisano wokhudza malo a pafupi chotere? Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitiyenera kumukana. Koma n'zomvetsa chisoni ngati mwini mutu sadziwa n'komwe kuti akumetedwa.

Phindu loyamba la mpikisano si ndalama ya mphotho. Opambana ndi awiri kapena atatu pakati pa mazana, choncho wolowa chifukwa cha ndalama ndi bwino akalime soya. Phindu lake n'lakuti mpikisano umakakamiza munthu kutsiriza chimene wayamba. Ife Amalawi timadziwa kudandaula za mavuto athu mokoma kwambiri, pamaliro ndi pabawo pomwe. Koma kutenga vuto limodzi, kuliyeza ndi tepi, kuliwerengera mtengo, n'kulemba yankho lake pa mapepala awiri tsiku lotsekera lisanakwane, limenelo ndi luso lina, ndipo sukulu zathu siziliphunzitsa mokwanira. Wachinyamata amene wachita zimenezi kamodzi, ngakhale osapambana, amatuluka ali ndi kanthu m'manja kokaonetsa pofuna ntchito kapena malo a maphunziro. Amaonanso zimene anzake a ku Kenya, India kapena Brazil ajambula pa vuto lomwelo, ndipo amazindikira pamene iye ali.

Koma tiyeni tione mbali inayo, pakuti ndi imene imandidetsa nkhawa. Mumzinda wa Lagos ku Nigeria muli dera lotchedwa Makoko, kumene anthu osauka anamanga nyumba zawo pamwamba pa madzi. Mu 2013 katswiri wina wa komweko, a Kunlé Adeyemi, anamanga sukulu yoyandama pa migolo, yamatabwa, yansanjika, yooneka ngati tsindwi lalitali losongoka. Zithunzi zake zinafalikira dziko lonse, ndipo mu 2016 chifaniziro chake chinalandira mphotho pa chionetsero chachikulu cha ku Venice. Patangopita masiku owerengeka, mu June chaka chomwecho, sukulu yeniyeniyo ya ku Makoko inagwa ndi mvula yamkuntho. Mwamwayi ana anali atasiya kale kuphunziriramo. Sindikunena kuti katswiriyo anali wachinyengo. Ganizo lake linali latsopano ndipo linatsegula mitu ya ambiri. Koma taonani kusiyana kwake: ku Venice anthu akuomba m'manja, ku Makoko matabwa ali m'madzi. Mphotho inapita kwa chithunzi, pamene funso lakuti adzakonza ndani chingwe chikaduka kapena thabwa likafumbwa linalibe mwini.

Ngakhale akuluakulu a lusoli anapunthwapo pa mwala womwewu. A Hassan Fathy a ku Egypt, amene buku lawo la Architecture for the Poor linatuluka m'Chingerezi mu 1973, anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor m'zaka za m'ma 1940. Anagwiritsa ntchito njerwa zosaotcha, ndipo madenga anali a njerwa zomwezo, opindika, osafuna mtengo kapena lata. Nyumbazo zinali zokongola ndi zozizira bwino. Koma anthu amene anawamangirawo ambiri anakana kusamukiramo, chifukwa boma ndilo linkafuna kuwachotsa pamalo pamene ankapezera ndalama, ndipo mudziwo sunamalizidwe. Nyumba ingakhale yabwino chotani, ngati ili kutali ndi pamene munthu amapezera ufa, adzaisiya.

Vuto la mipikisano yambiri lagona pa oweruza. Iwo amakhala akatswiri otchuka a m'mizinda yakutali, ndipo amakhala ndi mphindi zochepa pa chojambula chilichonse. Chimene chimawakopa ndi chithunzi chopangidwa pa kompyuta: dzuwa likulowa, ana akuthamanga akuseka, mayi wasenza mtsuko, ndipo pambali pali mtengo wa mlambe, ngakhale malowo ali pamwamba pa phiri pamene mlambe sumera. Mayi wa ku Mtandire amene adzakolezemo mbaula sakhala nawo pagome la oweruza. Choncho wachinyamata wochenjera amaphunzira msanga kujambulira oweruza osati eni nyumba, ndipo umphawi wa abale ake umasanduka chokometsera chithunzi. Ichi ndicho ndikuchenjeza ana athu. Umphawi si nsalu yotchinga kumbuyo pojambulitsa.

Nanga wolowa mpikisano moona mtima ayambire pati? Ine ndikuti asayambire pa khoma kapena pa denga. Ayambire pa madzi. Tiwerengere limodzi, pakuti masamu ake ndi a Folomu 2. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Tiyerekeze kanyumba ka malata kotalika mamita 6 ndi kutambalala mamita 5, ndi mvula ya mamilimita 800 pachaka, imene si yachilendo m'chigawo chapakati. Denga limenelo limakhetsa malita 24,000, ndiko kuti ndowa 1,200 za malita 20. Kumudzi madzi amenewa amalowa m'nthaka kapena kutsikira kudimba. Ku Mgona, kumene nyumba zagundana misana, amakagunda khoma la zidina la mnansi, amadzaza chimbudzi, kenaka n'kuyenderera m'kanjira kamene ana amaseweramo. Chodabwitsa n'chakuti banja lomwelo m'mawa mwake likaima pamzere pa kiyosiki kugula madzi. Wachinyamata amene angajambule njira yotsika mtengo yogwirira gawo la madzi amenewa, ndi ngalande yotulutsira otsalawo popanda kugwetsa nyumba ya wina, wachita ntchito yoposa ya wojambula nsanjika yagalasi.

Tisaganize kuti izi n'zazing'ono. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakummwera anthu mazanamazana anataya miyoyo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'ngozi zonsezi muli funso la kumene nyumba yaima, kumene madzi akupita, ndi kumene chimbudzi chakumbidwa. Apa ndi pamene mwana wa kumapiri aposa anzake. Iye wakula akuona atate ake akukonza mizere yopingasa phiri, akudziwa m'mene madzi amakumbira chigwembe usiku umodzi, akudziwa chifukwa chimene nyumba ya pamtsetse imafunira chiundo chokwera ndi khonde lotambalala. Zimene mnzake wa ku Ulaya aziwerenga m'buku, iye anaziponda ndi mapazi.

Pambuyo pa madzi pabwere chimbudzi, ndipo pambuyo pa chimbudzi pabwere landilodi. Ojambula ambiri amaganiza za banja limodzi, bambo, mayi ndi ana atatu, pa puloti yawoyawo. Koma pitani mukaone. Pa puloti imodzi pali nyumba ya mwini malo kutsogolo, ndipo kumbuyo kuli mdadada wa zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chipinda chilichonse banja lake, onsewo chimbudzi chimodzi, bafa limodzi la matumba, chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Chimbudzi chikadzaza palibe malo okumba china. Mmphawi weniweni wa m'tauni ndi wa lendi ameneyu, ndipo nyumba yake sidzasintha pokhapokha landilodi ataona kuti kusinthako kumupindulira. Kodi zenera lingaikidwe pati kuti mphepo idutse koma wakuba asalowe? Kodi mbaula ikolezedwe pati mvula ikamagwa, popeza utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo? Nanga mayi wogulitsa tomato ndi mandasi aike pati benchi lake, poti khonde ndilo sitolo yake? Nanga mnyamata wotha msinkhu agone kuti, pakuti kwathu kuno sagona chipinda chimodzi ndi alongo ake, ndipo m'tauni mulibe mphala? Mafunso amenewa sakongola pachithunzi, koma ndiwo nyumba.

Kunena za zomangira, pali nkhondo ina imene wachinyamata ayenera kuidziwa, ndipo ili m'mitima ya anthu. Kwathu kuno nyumba ya mdindo kapena ya zidina imaonedwa ngati chizindikiro cha kulephera. Munthu akagulitsa fodya bwino, choyamba ndi kuumba njerwa ndi kutentha uvuni. Mitengo imene yathera m'mauvuni amenewa tonse tikuiona kusowa kwake m'mapiri athu, kupatula nkhalango ya Ntchisi imene yatsala ngati chilumba. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zina zikuluzikulu. Koma simenti ndi yodula, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mmphawi anatalikirana nayo kwambiri. Choncho dothi silingathawidwe. Chofunika ndi kulimanga mwaluso kuti lisachititse manyazi.

Zimenezi zinatheka kwina. A Diébédo Francis Kéré anabadwira m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, anayamba ndi ukalipentala, kenaka anakaphunzira ku Berlin. Adakali wophunzira anasonkhetsa ndalama n'kubwerera kwawo kukamanga sukulu ya pulayimale, imene inatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa za dothi la komweko lothira simenti pang'ono, ndipo denga la malata analikweza pamwamba pa siling'i ya njerwa kuti mpweya wotentha uzituluka. Omanga anali anthu a m'mudzimo. Sukuluyi inalandira mphotho ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 a Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker, imene ndi yaikulu koposa pa lusoli. Onani dongosolo lake: sukulu inayamba yaima ndi kuphunziriramo ana, mphotho n'kubwera pambuyo.

Chitsanzo china chili pafupi, pa chipatala cha boma cha Kasungu. Kumeneko bungwe la MASS Design Group linamanga malo odikirirapo amayi oyembekezera, amene anatha mu 2015. M'malo mwa chinyumba chimodzi chachitali chodzaza mabedi, anamanga tizipinda tating'onoting'ono tozungulira mabwalo, monga m'mene nyumba za pabanja zimakhalira kumudzi, ndi madenga otambalala opereka mthunzi ndi pousa mvula, pakuti anaona kuti amayi athu amakhala panja usana wonse, kuphika, kuchapa ndi kucheza. Njerwa zake ndi za dothi lotsindira ndi makina, zosaotcha. Mphunzitsi amene angathe kupeza galimoto atengere ophunzira ake kumeneko. Kuchokera ku Madisi si patali.

Pali nzeru inanso yochokera ku Chile imene ndimaikonda chifukwa ikufanana ndi m'mene ife timamangira. Mumzinda wa Iquique, pamalo otchedwa Quinta Monroy, a Alejandro Aravena ndi anzawo anapatsidwa ntchito yomangira mabanja 93 pamalo pomwe ankakhala kale, ndi ndalama zosakwana nyumba yathunthu. Iwo anamanga theka la nyumba yabwino, ndilo gawo lovuta limene banja silingathe palokha, monga maziko, khitchini, bafa ndi masitepe, n'kusiya mpata woti banja lidzawonjezere zipinda likapeza ndalama. Mmalawi aliyense akudziwa kuti nyumba simangidwa chaka chimodzi: chaka chino maziko, chaka chamawa makoma kufika pazenera, malata akagulitsa mtedza. Pulani imene ikufuna ndalama zonse tsiku limodzi si ya mmphawi.

Tsopano ndiyankhe otsutsa amene ndimawalemekeza kwambiri, amene amati mmphawi sasowa chojambula, amasowa malo ndi ndalama. Iwo akunena zoona, ndipo umboni uli m'dziko mwathu momwe. Kuyambira mu 2003, amayi a m'madera osauka a ku Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, anayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono m'magulu, napanga chitaganya cha anthu osowa pokhala. Atakambirana ndi makhonsolo anapatsidwa mapuloti 222 ku Area 49 ku Lilongwe ndi 465 ku Blantyre, ndipo kudzera m'thumba la ngongole lotchedwa Mchenga anamanga nyumba zawo, ambiri ndi njerwa zosaotcha zoumba okha. Chimene chinatsegula njira si chithunzi chokongola. Ndi malo ovomerezeka ndi kabuku kosungira ndalama. Munthu amene akuopa kuti mawa adzathamangitsidwa sangathire simenti pansi, ngakhale mutamujambulira nyumba ya mfumu.

Komabe mfundo imeneyi sikuchotsa katswiri. Ikungomuuza malo ake okhala. Malo akapezeka, wina ayenera kuwagawa kuti msewu wa ambulansi upite, kuti chitsime chisayandikane ndi chimbudzi, kuti mapuloti achuluke koma anthu asathinane. Ndalama ikakhala yochepa, m'pamene kuwerengera bwino kumafunika koposa, chifukwa lata limodzi lodulidwa molakwika ndi chakudya cha sabata. Wolemera akalakwitsa amagumula n'kumanganso. Wosauka amakhala m'cholakwikacho moyo wake wonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa mitu yosenzayo wa katswiri ukhalepo, koma usadzitenge ngati ndiwo denga.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, njira zilipo ngakhale zili zopapatiza. Maphunziro a ukatswiri wa mapulani a nyumba amaperekedwa ku Blantyre pa sukulu imene kale inkatchedwa Polytechnic, imene kuyambira 2021 ndi yunivesite payokha yotchedwa MUBAS, ndipo wofuna kukalowa kumeneko alimbikire masamu ndi sayansi. Amene sanapeze malo asataye mtima. Sukulu zaluso monga za Lilongwe, Namitete ndi Salima zimaphunzitsa kumanga ndi ukalipentala, ndipo mipikisano yambiri imalola kulowa m'magulu. Gulu la wophunzira mapulani mmodzi, mmisiri womanga mmodzi, ndi mtsikana amene anakulira m'chipinda cha lendi ku Chinsapo, likhoza kuona zimene gulu la madigiri okhaokha silingaone. Ndiwonjeze kuti atsikana asaone ngati ntchitoyi ndi ya amuna. Amene amadziwa pamene nyumba imavutira ndi amene amatunga madzi, kuzira pansi ndi kuphika mvula ili pamsana.

Musanatumize kanthu, werengani malamulo a mpikisano mofatsa, pakuti safunsa anadya phula. Mipikisano yambiri imafuna ndalama yolembetsera ya mayuro kapena madola, yolipira ndi khadi la kubanki, ndipo kwa mwana wa mlimi imeneyo si nkhani yamasewera. Ina ndi yaulere, ndipo ina imachepetsa mtengo kwa ophunzira kapena kwa olembetsa msanga. Funsani ngati chopambanacho chidzamangidwe kapena ndi mpikisano wa maganizo chabe. Funsani ngati eni dera anafunsidwa. Onaninso kuti chojambula chanu chidzakhala cha yani mukatumiza, popeza ena amalemba m'timalemba tating'ono kuti zonse zotumizidwa ndi zawo. Mpikisano umene ukutolera ndalama kwa achinyamata mazana, n'kupereka kamphotho kochepa, osamanga kanthu, umenewo ndi geni ya okonzawo, ndipo amphawi angotchulidwamo ngati nyambo.

Kwa aphunzitsi anzanga, sitiyenera kudikira kuti unduna utitumizire silabasi yatsopano. M'masamu timaphunzitsa kale kujambula motsata sikelo. M'jogalafe timaphunzitsa mapu ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo. Bwanji osatuluka ndi ana Lachisanu masana, ndi chingwe choyezera ndi makope, kukajambula msika wa pafupi monga m'mene ulili, ndi kulemba pamene madzi amadikha, pamene zinyalala zimaunjikana, ndi pamene amayi ogulitsa amapita akafuna kudzithandiza? Sabata yotsatira awerengere njerwa, matumba a simenti ndi malata a chimbudzi cha pamsikapo, mitengo yake akafunse okha kusitolo. Ndaona ana amene m'kalasi amagona pa masamu akudzuka ndi kukangana kwambiri pamene nambala zasanduka njerwa. Ena a ife timaopa kuti zotere zidya nthawi ya mayeso. Ine ndikuti mwana amene wawerengera denga lenileni sadzaiwalanso m'mene amapezera kukula kwa malo.

Chimene ndikufunitsitsa, komabe, ndi mpikisano wathuwathu. Tili ndi bungwe la Malawi Institute of Architects, tili ndi MUBAS, tili ndi makhonsolo a mizinda ndi a maboma, tili ndi magulu a amayi osunga ndalama. Palibe chowaletsa kukhala pamodzi n'kusankha vuto limodzi chaka chilichonse: chaka chino mdadada wa zipinda za lendi ku Mgona, chaka chamawa chimbudzi ndi bafa za pamsika wa Mponela, chaka chinacho ngalande ndi tinjira ta ku Dzaleka, kumene achinyamata a mumsasamo ayeneranso kuloledwa kupikisana nawo. Kulowa kukhale kwaulere, ndipo zojambula pamanja zilandiridwe mofanana ndi za pa kompyuta. Wolowa aliyense aonetse kuti anakacheza ndi eni malo, ndipo alembe mtengo wa chinthu chilichonse m'makwacha, pamodzi ndi dzina la ntchito ya munthu amene adzakonze chikaonongeka. Theka la oweruza likhale la anthu okhala m'deralo, ndipo wolowa aimirire pamaso pawo kufotokoza pulani yake m'Chichewa. Gawo lalikulu la mphotho likhale simenti, malata ndi malipiro a amisiri, kuti chopambanacho chimangidwe. Ndipo gawo lotsala wopambanayo adzalandire patapita mvula ziwiri, oweruza aja atapitanso kukaona ngati khoma lili chiimire ndiponso ngati anthu akuchigwiritsadi ntchito.